Kakonzedwe ka uthenga wa kadyedwe ka ana woti ukafike mumphika

Katoni ya mapositala oyamba amene ndinakonza nditangofika ku Mangochi ikadali kuseri kwa kabati mu ofesi mwathu, ndipo mbewa zayamba kuidya m'makona. Zikundibwezera, pakuti ndi mbewa zomwezo zinandigwetsa. Ine kwathu ndi ku Dedza, kumene mbewa yowamba bwino ndi ndiwo yopatsa mlendo. Tsono pojambulitsa magulu 6 a zakudya, pa gulu la zanyama ndinauza wojambula kuti aike nkhuku, dzira, mbewa ndi kanthuli ka nkhumba, poganiza kuti ndikuonetsa zakudya zosaboola m'thumba. Positalayo inakakhomedwa pasikelo ina cha ku Namwera Lolemba. Pofika Lachitatu mlangizi wa zaumoyo anandiimbira foni: "Achemwali, bwerani mudzatenge katundu wanu. Amayi akukana kukhala mbali imene kuli chithunzichi." Dera limenelo pafupifupi khomo lililonse ndi la Chisilamu. Usipa, umene umapezeka pamsika uliwonse, pa positalapo panalibe ngakhale umodzi.

Ndikulembera inu amene mwangopatsidwa kumene ntchito yofalitsa uthenga mupulogalamu ya kadyedwe ka ana, kaya kubungwe, kukhonsolo kapena kuwailesi ya m'dera. Kalata yanu ya ntchito ikuti muzilemba nkhani, kujambula zithunzi, kukonza mapositala ndi mapulogalamu a pawailesi, ndi kutumiza malipoti kwa opereka thandizo. Zonsezo mudzachitadi, mpaka kutopa nazo. Koma ine ndinasiya kudziyesa ndi mulu wa mapepala. Funso langa masiku ano ndi limodzi: phala limene mwana wa miyezi 8 wadya m'mawa uno lasiyana pati ndi la mwezi watha?

Manambala muwadziwe ndithu, chifukwa akakufunsani kumsonkhano wa kukhonsolo. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2010 anapeza kuti ana 47 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Wa 2015-16 anapeza 37, ndipo Mangochi inali pamwamba pa chiwerengero chimenechi, boma lomweli la Nyanja ya Malawi, Malombe ndi Shire, limene nsomba zake zimadyedwa mpaka ku Lilongwe ndi Blantyre. Malawi analowa mumgwirizano wa maiko wolimbikitsa kadyedwe koyenera, wotchedwa SUN, mu 2011, ndipo chiyambire pamenepo tonse timaimba za masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka 2. Mukawaloweza manambalawo, asiyeni mu ofesi. Sindinaonepo agogo akusintha kaphikidwe chifukwa cha peresenti.

Masabata awiri oyamba musalembe kanthu

Pemphani mlangizi wa zaumoyo kuti mutsagane naye kusikelo ya kumudzi, ija ya pansi pa mtengo wa mango, yokoleka sikelo panthambi. Mpando umene akupatseniwo muukane mwaulemu, mukhale pamkeka pamodzi ndi amayi. Ndipo musafunse kuti magulu a zakudya ndi angati. Akuyankhani moimba, ndi m'manja momwe: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso, zamafuta. Nyimboyo anailoweza kalekale, ena akadali atsikana. Funsani chonchi: "Dzulo mwanayu atadzuka, choyamba kulowa m'kamwa mwake chinali chiyani? Nanga kenako? Anamudyetsa ndani? Inu munali kuti?" Mukatero mupemphe kudzacheza pakhomo mawa lake, nthawi yophika.

Chimene chinanditsegula maso ine ndinachiona pakhomo lina pafupi ndi doko, mbali ya Malindi. Pathandala panali usipa uli mbwee ukuuma. Mumphika munali utaka wa tomato. Mwana wa miyezi 9 anali pamwendo pa agogo ake. Agogowo ankatema kambamu ka nsima, kukaviika mumsuzi, n'kumuika m'kamwa. Nsomba yeniyeniyo sinafike pamlomo pake. M'mawa anali atamwa phala la ufa woyera, lamadzimadzi loti limachita kutsanulidwa m'kapu, lothira kamchere basi. Nditafunsa kuti bwanji osamupatsako nsombayo, agogo anandiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda bwino. "Mwanangu, mukufuna munga umuime pakhosi? Mudzauchotsa ndinu?"

Sanalakwe. Munga umaimadi pakhosi. Pakhomo limenelo ankadziwa kuti nsomba ndi yabwino, ndipo nsombayo inalipo. Chovuta chinali mantha a munga, ndipo uthenga wathu wakuti "dyetsani ana zakudya za magulu 6" sunkawakhudza n'komwe manthawo. Uthenga umene unabadwa pamenepo unali wina: tengani usipa wouma bwino, muukazinge pang'ono popanda mafuta, musinje mumtondo wotsuka, musefe, musunge m'botolo louma lotseka, muzithira supuni imodzi m'phala la mwana likadali pamoto. Mitu ndi minga zomwe zimasinjika, ndipo m'menemo ndi momwe muli zolimbitsa mafupa.

M'masabata omwewo muzilemba m'kope mawu amene anthu akutchula. Ife timati kupinimbira, kunyentchera, kutupikana. Kumudzi mwana wopinimbira sadwala ayi: "ngwamfupi ngati bambo ake, ndi mtundu." Wotupa mapazi ndi nkhope ambiri amati ndi tsempho, pa Chiyao ndaka, ndiye kuti makolo sanadzisunge panthawi yake, ndipo njira yoyamba imakhala ya kwa akuluakulu kapena kwa asing'anga. Ndinayesapo kutsutsa zimenezi pabwalo la amfumu. Anandiombera m'manja mwaulemu, n'kubalalika aliyense ndi maganizo ake akale. Tsopano sindilimbana nazo. Timangoti: dinani ndi chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri kwa masekondi 3, mukachotsa chala n'kutsala kadzenje mapazi onsewo, mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo, za pabanja muzikambirana iye ali kale m'manja mwa achipatala. Palibe amene wanyozeka, ndipo mwana wapita.

Uthenga umodzi, chochita chimodzi

Mukabwerako mudzakhala ndi zinthu 20 zofuna kunena. Sankhanipo zitatu za miyezi itatu ikubwerayi, zinazo zidikire. Uthenga uliwonse uzitchula wochita, chochitacho ndi nthawi yake. "Kudya bwino ndi maziko a chitukuko" ndi mawu a pansalu yonyamula tsiku la mwambo, palibe amene angawaphike.

Mfundo zake musazipeke nokha, zili m'mabuku a uphungu a unduna wa zaumoyo amene mavolontiya oyendera makomo m'midzi amanyamula. Mwana ayambe kuyamwa mu ola loyamba atangobadwa, mkaka woyamba wachikasu uja usafinyidwire pansi. Miyezi 6 yoyamba ayamwe mwakathithi, osalawa madzi, phala kapena zitsamba, ngakhale mu Okutobala pamene Mangochi yatentha ngati ng'anjo. Apa ndi pamene amayi ambiri amagonjera, ati mwana ali ndi ludzu, choncho uthenga wa mwezi umenewo ukhale wakuti madziwo amwe ndi mayi, mwana azingoyamwa pafupipafupi. Akakwana miyezi 6 ayambe phala kawiri kapena katatu patsiku, kuyambira masupuni awiri kapena atatu. Kuyambira miyezi 9 azidya katatu kapena kanayi, ndi kachipatso pakati, bere osasiya mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Azikhala ndi kambale kakekake, chifukwa m'mbale ya onse amakhuta ndi wamanja aatali. Za kulimba kwa phala musavutike ndi mawu. Tengani supuni, tapani phala, ipendekeni anthu akuona. Likayenderera ngati madzi, ndi lija lodzaza mimba popanda kanthu. Likakakamira n'kugwa mochedwa, ndi limenelo.

Muchenjere ndi malonjezo. Ife tinatsala pang'ono kuulutsa kanyimbo kakuti mwana akamadya dzira tsiku lililonse atalika. Kuno komwe, ku Lungwena ndi Malindi, ofufuza a Mazira Project mu 2018 anatsatira ana 660 a miyezi 6 mpaka 9. Theka ankapatsidwa dzira tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6, theka ayi. Pamapeto pake msinkhu wa magulu awiriwo sunasiyane. Dzira ndi chakudya chabwino ndipo timalimbikitsabe, makamaka kumtunda ngati kwa Katuli ndi kwa Jalasi kumene nsomba imafika itakwera mtengo. Koma kakulidwe ka mwana kamakhudzidwanso ndi malungo, kutsekula m'mimba, madzi akumwa, ndi mmene mayi ankadyera ali woyembekezera. Mukalonjeza msinkhu, chaka chikatha agogo adzaimika mdzukulu wawo pafupi ndi wa aneba n'kukuyesani wabodza, ndipo chimene mudzanene pambuyo pake chidzalowera khutu ili n'kutulukira linali.

Uthenga uziyendanso ndi nyengo. Mango akapsa, Novembala mpaka Januwale, musadzivute kutchula zipatso za kumsika. Nenani kuti bango lakupsa bwino alifinyire m'kambale ka mwana, asamangosiyira ana akuluakulu otola okha pansi. Mwera ukamaomba mu Juni ndi Julayi asodzi salowa m'madzi kawirikawiri ndipo nsomba imadula, ndiye za kusungako usipa wouma zikambidwe mwera usanayambe. Pokolola mtedza nkhani ndi chuku: wabwino umapita kumsika, wofota ndi wakuda n'kumatsalira nsinjiro za pakhomo, zomwezo zothira m'phala la mwana. M'dzinja masamba akachuluka, kambani zofutsa. Ramadani imasuntha ndi masiku pafupifupi 11 chaka ndi chaka, choncho muziilemba nokha pakalendala. Mwezi umenewo makomo ambiri moto amasonkha madzulo, ndipo kamwana kosasala kangathe kuswera tiyi yekha ngati palibe wokumbutsa.

Chiyankhulo, ndi kukayesa musanasindikize

Njira yoipa kuposa zonse ndi imene ambirife timatsata. Uthenga ulembedwa m'Chingerezi ku Lilongwe, wina aumasulira m'Chichewa, wina atenga Chichewacho kupititsa m'Chiyao. Pofika kwa Makanjira umakhala ngati mkute wotenthetsa kachitatu. Ine ndimaitana mavolontiya anayi kapena asanu, kuwafotokozera chimene tikufuna chichitike pakhomo, kenako ndimati, "Mukanakhala mukuuza mng'ono wanu pachitsime, mukananena bwanji?" Zimene anenazo ndi zimene ndimajambula. Dziwaninso kuti ambiri oyankhula Chiyao anaphunzira kuwerenga m'Chichewa kusukulu, moti pepala la Chiyao amaligwira mwachilendo. N'chifukwa chake zolembedwa timazisiya m'Chichewa chosavuta, mawu ochepa, zithunzi zikuluzikulu, pamene zomvera ndi khutu timazichita m'Chiyao. Mbali ya Nankumba ndi Monkey Bay Chichewa chimayenda chokha. Nanunso phunzirani moni ndi timawu tingapo: somba, mesi, mwanache, yakulya. Adzakusekani katchulidwe, koma akaseka amayamba kuyankhula.

Kukayesa si kuonetsa dalaivala ndi alonda a pa ofesi. Pitani mudzi wa kutali ndi msewu wa tala, phimbani mawu onse ndi dzanja, onetsani chithunzi, funsani "Mukuona chiyani apa?" kenako khalani chete. Kukhala cheteko n'kovuta, pakamwa pamachita kuyabwa. Chithunzi chathu china chinali mbale yogawidwa zigawo 6, chigawo chilichonse ndi chakudya chake, chokongola ndithu. Mayi wina anachiyang'anitsitsa nati, "Izi ndi za paukwati." Wina anati ndi chakudya cha kumahotela a kunyanja. Palibe anaona chakudya cha mwana wake. Tinachichotsa n'kuika kambale kapulasitiki ka phala la mgaiwa, dzanja likuwaza nsinjiro, pambali kagawo ka papaya. Tsiku limenelo tinangoononga mafuta a njinga yamoto basi. Katoni ya mbewa ija ikanapulumuka ndi ulendo umodzi wotere.

Mukamaliza mukaonetse ku komiti ya boma yoona za kadyedwe, imene timangoti DNCC. Zimachedwetsa, inde. Koma m'boma la anthu oposa 1.1 miliyoni, malinga ndi kalembera wa 2018, mabungwe ndi ambiri, ndipo mayi akauzidwa china Lachiwiri, Lachinayi n'kubwera ena ndi china, amangobwerera ku zimene amanena amayi ake.

Wogwira chipande ndani?

Mapulogalamu ambiri amayankhula ndi mayi wa mwana ngati kuti mphika ndi wake yekha. Kuno mabanja ambiri ndi a chikamwini. Mtsikana amaberekera pamudzi pa amayi ake, ndipo akapita kumunda, kudoko kukapikula nsomba za geni, kapena kubwerera kusukulu, mwana amatsala ndi agogo. Mukaphunzitsa mtsikana wa zaka 17 n'kusiya anganga, mwangomusenzetsa mkangano woti akagonje. Aitaneni agogo paokha, ndipo musawaphunzitse. Afunseni kuti kale ana ankadya chiyani. Adzatchula okha phala la mapira, nsinjiro, malambe, mfutso. Mukatero mwapeza aphunzitsi. Anankungwi amene amalangiza mtsikana wa mimba yoyamba pa mwambo wa litiwo musawadumphe. Mawu awo amalemera kuposa buku lathu lililonse, ndipo nkhani ya kuyamba sikelo msanga ndi kumwa mapilitsi oonjezera magazi imalowa bwino pamenepo.

Abambo musawaitanire kuchionetsero cha kaphikidwe n'kumadabwa kuti sanabwere. Apezeni kumene ali: padoko m'mawa maboti akamakocheza, pabawo, pamzikiti mapemphero akatha. Uthenga wawo ndi waufupi, wakuti asanagulitse zonse apatule kambale ka kunyumba. Ambiri ali ku Joni, koma ndalama amailamulirabe pafoni. Tinajambula mawu a mphindi imodzi m'Chiyao, bambo akuuza mnzake kuti potumiza ndalama azitchulako mtedza ndi mazira a mwana, asamangoti malata ndi simenti, ndipo timawapatsa amayi pa WhatsApp kuti atumize okha. Mphindi imodzi, osapitirira. Bandulo ndi yodula.

Kwa mashehe ndi abusa mupite ndi ulemu wake. Ine ndimavala chitenje ndi mpango, ndimatsagana ndi munthu amene amamudziwa, ndipo sindinyamula ulaliki wolemba kale. Shehe wina atamva nkhani yathu anangomwetulira nati, "Mayi, zoyamwitsa zaka ziwiri zathunthu zili kale m'Qur'an, mu Surah Al-Baqarah. Mwachedwa ndinu." Lachisanu lotsatira anazinena yekha, bwino kuposa mmene ine ndikanalembera. Za chilolezo chimene mayi woyembekezera kapena woyamwitsa ali nacho pa kusala, musayerekeze kuzinena inu pawailesi. Afunseni mashehe, azifotokoze okha ndi mawu awo. Amayi a dawa a kumzikiti, a Mvano ndi magulu ena a mumpingo amakumana kale sabata ndi sabata popanda alawansi. Pemphani mphindi 10 pamenepo.

Njira zotumizira uthenga

Mwini ntchito weniweni ndi volontiya wa keya gulupu, gulu la ongodzipereka ophunzitsa za kadyedwe m'mudzi, amene ali ndi makomo khumi kapena kuposerapo pang'ono oti aziyendera. Wailesi, zisudzo, mapositala, zonsezi ndi zongokumbutsa zimene iye wanena kale pakhonde. Choncho choyamba kugula si malaya olemba uthenga ayi, koma buku la zithunzi lolimba, lokuta ndi pulasitiki, ndi chikwama choti lisanyowe. Volontiya azikhala ndi uthenga umodzi pamwezi, womwewo umene ukumveka pawailesi mwezi umenewo.

Kuchionetsero cha kaphikidwe musapite ndi kanthu ka m'sitolo. Ulendo wathu woyamba tinanyamula majarini, mkaka wa ufa ndi shuga. Phala linakoma, ana ananyambita mbale, amayi anati "mubwerenso". Tinali titawaphunzitsa kuti phala labwino limabwera pagalimoto. Tsopano aliyense amabwera ndi kadzanja ka chimene ali nacho, uyu mgaiwa, uyo mtedza, wina usipa, wina nkhwani, wina kabotolo ka mafuta. Amaphika okha pamafuwa, ife timangofunsa mafunso. Mpondagiya ndi sopo zikhale pomwepo, wophika ndi wodyetsa asambe m'manja anthu akuona. Chichitikireni kolera ya 2022 ndi 2023, imene inatisautsa kwambiri kuno kunyanja, nkhani imeneyi siifunanso kukakamiza.

Wailesi zilipo, Dzimwe, Lilanguka, Radio Maria, Radio Islam, iliyonse ndi omvera ake. Muzifunsa m'mudzi momwemo kuti amatsegula iti, nthawi yanji, ndipo wailesiyo amasunga ndani, chifukwa nthawi zina imakhala itapita ndi bambo kudoko. Pulogalamu yathu yoyamba inali ya katswiri akuyankhula mphindi 30 musitudiyo. Ndi ine ndemwe ndinasinza. Tengani chojambulira mawu mupite kumudzi, mumveke mtondo ukulira, agogo akutsutsa, volontiya akuyankha, mwana akulira chapatali. Katswiri mumupatse mphindi zitatu kumapeto zowongola pokhota. Mapulogalamuwo muwaikenso pamemori khadi kuti makalabu omvera azibwereza nthawi yawo. Anthu akamva mawu a mnzawo wa mudzi woyandikana amachita kuitanizana.

Zisudzo ndi beni zimakoka chikhamu, koma chikhamucho chimakumbukira nthabwala n'kuiwala phala. Ndiye ng'oma ikangoleka pazikhala chochita pomwepo, kuyeza ana mikono. Kalamba koyezera mkono, kamene timati MUAC, kamayankhula kokha: pobiriwira ali bwino, pachikasu, pakati pa masentimita 11.5 ndi 12.5, akufunika thandizo, pofiira, pansi pa 11.5, ndi kuchipatala lero. Amayi amatha kuyeza okha akaonetsedwa. Amene walandira chiponde cha kuchipatala cha ana onyentchera amvetsetse kuti ndi mankhwala a mwana mmodziyo, si chogawira abale ake kapena chopaka pabuledi. Pajatu kuno mawu akuti chiponde muzisamala nawo, ndi dzinanso la malo; mukauza dalaivala watsopano kuti lero ndi za Chiponde, akakufikitsani kumalire a Mozambique kupitirira Namwera.

Zithunzi za ana a eni

Opereka thandizo adzafuna nkhani ndi zithunzi, ndipo tisanamizane, chithunzi cha mwana wonyentchera chimatulutsa ndalama msanga. Ndinajambulapo chotere, mayi atavomera ndi mutu, ine n'kuyesa ndapatsidwa chilolezo. Chinaikidwa pa Facebook. Mlamu wake ali ku Johannesburg anachiona n'kuchitumiza kumudzi. Pofika sabata yotsatira mayi uja sankapitanso kumjigo masana, anzake akuti wachititsa manyazi mudzi, akuchimuna akuti waonetsa dziko lonse kuti mwana wawo sasamala banja. Anatha miyezi iwiri osaponda kusikelo. Munthu wobwera pagalimoto yolemba dzina la bungwe, ndani angamukanire pamaso?

Tsopano ndimachita chonchi. Ndimafotokoza m'chiyankhulo chake kumene chithunzi chikapite, osabisa kuti achibale ake angathe kuchiona pafoni. Ndimanena poyera kuti akakana, chiponde ndi thandizo lina sizichotsedwa. Ndimamusiya akambirane ndi a pakhomo, ine n'kupita kukajambula zina. Akavomera asayine kapena adinde chala, ndipo ndimamuonetsa zithunzizo pakamera. Chimene sanachikonde chimafufutidwa iye akuona. Mwana wosavala sindijambula. Dzina la mwana ndi la mudzi sindiziika pamodzi. Ndiponso ndimadikira, chifukwa nkhani imene mayi angainyadire ndi ya mwana atachira, iye akuonetsa chimene anachita ndi manja ake, osati ya tsiku limene anafika akulira. Pobwerera ndimatenga chithunzi chotsukitsa n'kukamupatsa.

Ilipo nthawi imene uthenga umasanduka chipongwe. Mu 2024, ng'amba ya El Niño itawotcha chimanga m'minda, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi, apo n'kuti kwacha itagwa kale ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kufika pakhomo pamene dzulo adya kamodzi n'kumakamba za magulu 6 ndi kusowa ulemu. Nthawi yotere ntchito yanu imatembenuka. Kumudzi mumanena kumene akuyeza ana, tsiku lake, oyenera kulandira ndani, ndi kuti palibe cholipira. Kwa akuluakulu mumapititsa zimene mwamva ndi kuona: kuti chiponde chatha pachipatala chakutichakuti, kuti mavolontiya afooka, kuti msewu waduka. Zimenezi muzilembe ngakhale zisakongoletse lipoti.

Lipotilo lidzafuna manambala, mapulogalamu angati, anthu angati afikiridwa. Lembani, koma musadzinamize nawo, pakuti "ofikiridwa" amaphatikizapo ndi uja ankadutsa panjinga chimkuzamawu chikulira. Pokonza bajeti menyerani ndalama ya mafuta obwererera kumudzi, ndi imene imadulidwa koyamba. Pakatha mwezi ndi theka pitani osalengeza, makomo musankhe nokha, osati amene volontiya akulozerani. Funsani kuti anamva chiyani ndiponso kwa yani, kenako mupemphe kuona: botolo lili kuti, kambale ka mwana ndi kati, mumpondagiya muli madzi kapena ndi chokongoletsera pabwalo.

Mwezi watha ndinabwerera pakhomo lija la ku Malindi. Mdzukulu uja tsopano akuthamanga, kumsana kwa mayi ake kuli wina. Agogo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabotolo kakale ka khofi. Ufa wa m'katimo sunali wotuwa ngati umene tinaphunzitsa, unali wobiriwirako. Anati usipa wokhawokha unkanunkha, mwana ankalavula, ndiye iwo anayamba kusinjira limodzi ndi masamba ouma a chammwamba ndi mtedza wokazinga pang'ono, ndipo amapanga wa sabata imodzi yokha kuti usayambe fungo. Makomo atatu oyandikana nawo akutengera pomwepo. Ndinawafunsa ngati angalole kufotokoza zimenezi pawailesi. Anati alola, bola ndibwere Lachinayi, osati Lachisanu, ndipo ndisafike m'mawa chifukwa amakhala ali kudimba. Kapepala kopempha njinga yamoto ndasiya kale patebulo pa abwana.